Kalata imafika kumene ife sitifika: mawu a komiti ya alembi

 Ife a komiti ya alembi atipatsa mphindi zochepa pa chikondwerero chino, ndipo tikudziwa kuti mutu umene tabwera nawo ndi wouma pa tsiku la nthungululu ndi magule ngati lero. Tikufuna tikambe za kalata yantchito: yopita ku banki, ku kampani imene timaodako katundu, ku khonsolo, kwa a kasitomu pa boda, ngakhale kwa munthu amene anatenga ndalama za gulu ndipo wayamba kuzimitsa foni. Tipirireni pang'ono, mpunga suthawa.

Kusunga ndalama ndiye palibe angatiphunzitse. Ena tinayambira ku banki m'khonde ndi bokosi lija la maloko atatu, ena ku chilimba, ena ku mukando, anzathu a ku Mozambique ku xitique, a ku South Africa ku stokvel. M'magulu amenewa mawu apakamwa amakwana chifukwa timadziwana mpaka kukhomo. Ukanena kuti ubweza Lachisanu, gulu lonse lamva ndipo likudziwa kumene umagona. Koma magulu athu akula. Tsopano tikuchita malonda ndi anthu amene sanationepo nkhope, amene sadziwa kuti ndife okhulupirika, ndipo ena sitilankhula nawo chinenero chimodzi. Kwa anthu amenewo, gulu lathu lonse ndi pepala limene lafika pa tebulo lawo. Pepalalo likamazungulirazungulira, amalikankhira pansi pa mulu wa mapepala ena, ife n'kutsala tikudandaula kuti amatinyoza poti ndife azimayi a pamsika. Kunyozedwa kulipo ndithu, sitikukana. Koma nthawi zina munthuyo wangolephera kupeza chimene tikufuna.

Choncho musanagwire cholembera, muyambe mwamuona m'maganizo amene akawerenge kalatayo. Ndi munthu wotanganidwa, sakudziwani, ndipo inu simudzakhalapo kuti akufunseni kuti apa mumatanthauza chiyani. Mwinanso amene munalankhula naye sabata yatha wasamutsidwa, kalata yagwera m'manja mwa wina watsopano. Munthu ameneyo akawerenga kamodzi kokha adziwe kuti olembanu ndinu ndani, mukufuna iye achite chiyani, ndalama kapena katundu ndi wochuluka bwanji, ndipo zichitike pofika liti.

Pamwamba pa pepala pamakhala keyala yanu. Kusukulu ambiri tinaphunzira kuiika kudzanja lamanja, ya wolandira n'kukhala m'munsi kudzanja lamanzere. Masiku ano makalata ambiri otayipa pa kompyuta amayambira kumanzere mzere uliwonse, pakati pa ndime n'kungolumpha mzere umodzi. Njira zonse ziwiri ndi zololedwa, musatayepo nthawi ya msonkhano. Chimene muyenera kusamala ndi dzina la gulu: lilembedwe monga lilili m'malamulo anu kapena pa satifiketi, chilembo ndi chilembo. Gulu limene ku banki lili ndi dzina lina, pa chidindo lina, pa kalata linanso, limadzalira tsiku lotapa ndalama. Nambala ya foni iyambe ndi nambala ya dziko lake, +265 ya Malawi, +260 ya Zambia, +258 ya Mozambique, +263 ya Zimbabwe, +27 ya South Africa, chifukwa nambala yolembedwa mwa kwanu munthu wa kutsidya akaiimba siipita. Ikhalenso foni imene imayankhidwa masana, osati ya mwana amene ali m'kalasi.

Tsiku lilembeni lonse, mwezi wake m'mawu: 3 Epulo 2025, kapena 3 April 2025 ngati kalata ili m'Chingerezi. Mukalemba 03/04/25, ife kuno tiwerenga kuti pa 3 Epulo, wa ku America awerenga kuti pa 4 Malichi, pomwe ku China, kumene ena a inu mumaoda katundu ku Guangzhou, chizolowezi ndi kuyamba ndi chaka.

Kalata ipite ku udindo wodziwika. Funsani pakhomo kapena imbani foni kuti nkhani yanu amaiona ndani. Ku banki ndi manijala wa nthambi. Ku khonsolo ya boma ku Malawi ndi DC, ku khonsolo ya mzinda ndi Chief Executive Officer, pomwe ku Zambia mumapeza Town Clerk kapena Council Secretary. Lembani udindowo poyamba, dzina la munthu pambuyo ngati mukulidziwa. Envelopu yokhala ndi dzina la munthu lokha imadikira mwini wake ngakhale atapita ku tchuthi mwezi wathunthu.

Malonje a m'kalata yantchito ndi afupi. M'Chichewa, "Bwana," kapena "Mayi," akwana. M'Chingerezi, mukayamba ndi "Dear Sir or Madam" mumatseka ndi "Yours faithfully", mukatchula dzina la munthu mumatseka ndi "Yours sincerely". M'Chipwitikizi mumayamba ndi "Exmo. Senhor" kapena "Exma. Senhora". Kenako pamabwera mutu, mzere umodzi wa zilembo zazikulu. Mutu wongoti PEMPHO sunanene kanthu, pa tebulo paja mapepala onse ndi mapempho. Lembani PEMPHO LOTSEGULA AKAUNTI YA GULU, kapena KATUNDU WOPEREWERA PA INVOISI NAMBALA 417. Ngati nkhaniyo ili kale ndi nambala, kaya ya akaunti, ya invoisi kapena ya chikalata cha kasitomu, iikeni pa mutu pomwepo, chifukwa wolandira amasaka fayilo ndi nambala, osati ndi nkhope yanu.

Tsopano tifike pamene ambirife pamativuta, chiganizo choyamba. Tinaleredwa bwino. Munthu sufika pakhomo pa eni n'kuyamba ndi chimene wadzera. Umati odi, akupatse mpando, mulonjerane, ufunse za ana, za odwala, za mvula, kenako ndiye uti, pepani, chimene ndayendera ndi ichi. Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo tisautaye. Koma tikautengera m'kalata ya ku ofesi, ndime yoyamba yonse imathera pa "tikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lanu, ife kuno tili bwino", yachiwiri imathera pa mbiri ya gulu kuyambira tsiku limene tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo chimene tikupempha chimakabisala kumapeto kwa tsamba lachiwiri, kumene wowerenga safikako. Ku ofesi, ulemu ndi kusamutayitsa munthu nthawi. Tamverani iyi: "Ife a gulu lakutilakuti, la amayi 25 ochita malonda a zitenje pakati pa Chipata ndi Lilongwe, tikupempha kutsegula akaunti ya gulu ku nthambi yanu." Chiganizo chimodzi, ndipo manijala wadziwa kale kuti apereke pepalalo kwa ndani. Ndime yachiwiri inene zimene mwaphatikiza: malamulo a gulu, mfundo za msonkhano umene unasankha osayina, mafotokope a ziphaso zawo, kaya ndi chiphaso cha unzika cha Malawi, NRC ya ku Zambia kapena pasipoti. Yachitatu inene chimene mukudikira ndi tsiku lake. Kalata yatha, tsamba limodzi silinadzaze n'komwe.

Kalata imodzi inyamule nkhani imodzi. Dandaulo la ndalama zimene banki yadula molakwika ndi pempho la ngongole zimapita ku madesiki osiyana. Mukaziphatikiza, desiki iliyonse imaganiza kuti inzake ndiyo iyankhe.

Za ndalama tichedwepo, chifukwa ife ndife a malire, ndipo apa ndi pamene maubale amathera. Malawi ndi Zambia onse amati kwacha, onse amalemba K. Munthu wa ku Mchinji akalemba K5,000 ndi wa ku Katete akalemba K5,000, pepala likuoneka chimodzimodzi koma ndalamazo sizikuyandikana n'komwe. Lembani MWK kapena ZMW, ndipo chimodzimodzi ZAR pa randi, MZN pa metical, USD pa dola ya America. Ku Zambia mu Januwale 2013 anachotsa mazero atatu pa ndalama yawo, K1,000 yakale n'kusanduka K1, ndipo mpaka lero alipo akuluakulu amene pakamwa amawerengabe mwakale. Kalembedwe ka manambala nako kamasiyana. Ku Mozambique 1.500,00 MT ndi meticais 1,500, kadontho kaja kakugawa masauzande pomwe kwathu timaikapo koma. Ku South Africa mudzaona R1 500,00. N'chifukwa chake ndalama yofunika muilembe kawiri, m'manambala ndi m'mawu, monga timachitira pa cheke.

Ndalama sizikhalanso pamodzi. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atalonjeza mtengo m'makwacha pa katundu woodedwa m'madola akudziwa mmene zinawawira. Ku Zimbabwe mu Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG. Choncho mukamapereka mtengo kwa wogula, lembani kuti mtengowu ugwira ntchito mpaka tsiku lakuti. Mukamaoda, pemphani kuti nawonso alembe chimodzimodzi pa koteshoni yawo. Nenani kuti malipiro adzakhala mu ndalama ya dziko liti, ndipo ndalama yotumizira, kaya ndi pa banki, pa Mukuru kapena pa foni, adzalipira ndani.

Katundu nayenso mumuyeze ndi mawu osatsutsika. Thumba ndi chiyani? La chimanga ku Malawi timadziwa la makilogalamu 50, la ufa ku Zambia lodziwika ndi la makilogalamu 25. Chitenje ndi chiyani, chodula cha kumsika kapena pisi yathunthu ya mayadi 6? Mabelo a kaunjika amasiyana kulemera ndi giredi. Lembani chiwerengero, muyeso, mtundu ndi mtengo wa chimodzi, ndipo ngati zinthu ndi zambiri zindandalikeni chilichonse pa mzere wake. Munenenso kumene katundu akaperekedwe m'manja mwanu: ku sitolo kwawo ku Johannesburg, pa boda ya Mwanza, kapena pakhomo panu ku Limbe. Pakati pa malo atatuwa pali ndalama ya thiransipoti, pali msonkho, palinso funso loti katundu akanyowa kapena kusowa panjira waluza ndani. Zimenezi zikalembedwa katundu asananyamuke, zimatenga mizere iwiri. Zikatsala, zimadzatenga miyezi ndi misozi.

Mawu akuti "mwamsanga" si tsiku. Kwa inu akutanthauza mawa, kwa iwo akutanthauza akapeza mpata. Lembani kuti tikupempha yankho pofika pa 30 Juni, ndipo ngati pali chifukwa chinenedwe: chifukwa gulu ligawana masheya mu Julayi, kapena chifukwa basi yonyamula katundu inyamuka pa 2.

Pali chizolowezi china chimene ife alembi tikufuna chichoke m'makalata a mgwirizano uno, ndicho kudzichepetsa kopitirira muyeso. "Ife ndife amayi osauka, tilibe potigwira, tikugwada pamaso panu, mutimvere chisoni." Amayi anzathu, amene akupempha ngongole ku banki si wopemphetsa, ndi kasitomala amene adzalipire chiwongoladzanja. Banki siibwereketsa chifukwa cha chisoni. Imafuna kuona kuti gulu lakhala zaka zingati, limasunga zingati pa chaka, mamembala amabweza bwanji ngongole zam'kati, ndalama mukufunazo mugulira chiyani ndipo mudzabweza kuchokera pati. Zonsezi zili m'mabuku a msungichuma wanu, zitengeni mmenemo monga zilili, osawonjezera ngakhale tambala, poti akafuna kuona mabukuwo ayenera kugwirizana ndi kalata. "Chonde" mmodzi ndi "zikomo" mmodzi ndi ulemu wokwanira.

Kalata yovuta kuposa zonse ndi yolondola ngongole, chifukwa timailemba mtima ukuwira. Munthu anatenga katundu wa gulu, miyezi yadutsa, pa Facebook akuoneka atavala zatsopano. Dzanja limafuna kulemba kuti ndinu wakuba, tikuyalutsani, muona. Musalembe zimenezo. Kalata imeneyi mwina tsiku lina idzawerengedwa ndi majisitireti, ndipo mukufuna iye adzaone anthu odekha amene ali ndi umboni, osati anthu oopseza. Ikani zimene zinachitika motsatana: pa tsiku lakuti munatenga katundu wakuti wa ndalama zakuti, pa tsiku lakuti munalipira zakuti, zatsala zakuti. Nenani tsiku lomaliza kulipira ndi njira yolipirira. Ngati gulu lavomera kulandira pang'onopang'ono, lembani magawo ake ndi masiku ake. Potsiriza nenani modekha chimene mudzachite tsikulo likadutsa, ndipo chikhale chinthu chololedwa ndi lamulo chimene mudzachitedi. Inu amene mukukhala ku South Africa, dziwani kuti ku Small Claims Court, bwalo la milandu ing'onoing'ono ya ndalama kumene kulibe maloya, sungayambe mlandu usanamulembere wangongole kalata yomupatsa masiku 14 kuti alipire, ndipo uyenera kuonetsa umboni woti kalatayo inafika. Mu 2019 bwaloli linayamba kumva milandu yofika R20 000. Kumeneko kalata yolembedwa bwino ndiyo khomo lolowera.

Katundu akagwidwa pa boda, kalembedwe kake ndi komweko. Kaya ndi a MRA, a ZRA, a ZIMRA kapena a SARS, amakupatsani pepala losonyeza kuti agwira chiyani. Nambala ya pepala limenelo ikhale pa mutu wa kalata yanu. Tchulani boda yake, tsiku, katundu, TPIN yanu ngati muli nayo, ndi chimene mukupempha: kuti aunikenso mtengo umene anaika pa katunduyo, kapena akuuzeni ndalama zoti mulipire kuti atuluke. Phatikizani mafotokope a malisiti, enieniwo atsale ndi inu. Pa maboda ena, monga pa Mchinji ndi Mwami, pali desiki yothandiza amalonda ang'onoang'ono pansi pa ndondomeko ya COMESA, ndipo n'kwanzeru kuwaonetsa kalata yanu musanaipereke. Kumbukirani kuti Mozambique ndi South Africa sali mu COMESA, musatchule ndondomeko imeneyo polembera maofesi a kumeneko.

Nanga chinenero? Ku Angónia mukhoza kugula mbatata m'Chichewa tsiku lonse, koma pepala lopita ku ofesi ya boma la Mozambique liyenera kukhala m'Chipwitikizi. Kwina konseku maofesi ambiri amafuna Chingerezi. Malangizo athu ndi akuti kalata yofunika iyambe kulembedwa m'chinenero chimene gulu lonse limamva, iwerengedwe pamsonkhano, mugwirizane, kenako wina aimasulire. Akamasulira, wina wachiwiri aibwezere pakamwa m'Chichewa kuti mumve ngati ikunenabe zomwezo. Ana athu a ku koleji amathandiza, koma amakonda mawu akuluakulu oti nawonso akafunsidwa amakanda m'mutu. Auzeni alembe ziganizo zifupizifupi. Ndipo wapampando asasayine pepala limene sanamve tanthauzo lake, ngakhale womasulira atakhala mwana wake wobereka yekha.

Pomaliza pa tsamba mulembe "Ndife anu okhulupirika", kapena mawu a Chingerezi aja, kapena "Com os melhores cumprimentos" m'Chipwitikizi. Pansi pake siginecha, pansi pa siginecha dzina lonse m'zilembo zazikulu, kenako udindo. Kalata yokhudza ndalama za gulu asayine anthu awiri, monga timachitira ndi makiyi a bokosi, ndipo chidindo chidindidwe pambali, chisaphimbe siginecha. M'munsi ndandalikani mapepala amene mwaphatikiza, kuti lina likasowa pakhale pofunsira.

Popereka, nyamulani makope awiri. Limodzi musiye, linalo adindepo chidindo chawo, alembe tsiku ndi dzina la wolandira, mubwere nalo kunyumba. Ena amakwinya nkhope mukapempha zimenezi, inu ingomwetulirani n'kudikira. Mukamatumiza pa WhatsApp kapena pa imelo, tumizani PDF, apo ayi chithunzi chowala chooneka ngodya zonse zinayi za pepala, ndipo pemphani akuyankheni kuti alandira. Uthenga wa mawu ojambula si kalata. Mukagwirizana chinthu pa foni, tsiku lomwelo lembani mizere itatu: monga tagwirizanira pa foni lero, mutumiza katundu wakuti pa mtengo wakuti pofika tsiku lakuti, ngati sitinamvane chonde tiuzeni. Wina akadzasintha mawu, muli ndi pogwira.

Tichenjezanenso pa makalata amene timalandira. Mukalandira kalata, ngakhale yokongola ya chizindikiro cha kampani imene mumaodako, yonena kuti tasintha akaunti, lipirani ku nambala yatsopano iyi, musatumize ndalama. Imbani nambala yakale imene mumaidziwa, osati imene ili pa kalatayo, mufunse. Akuba anaphunzira kulemba makalata abwino kuposa ife. Ndipo PIN ya gulu siilembedwa m'kalata iliyonse, ngakhale wopempha atanena kuti ndi wa ku banki.

Kope la kalata iliyonse yotuluka ndi yolowa lilowe mu fayilo ya gulu motsatana ndi masiku. Fayiloyo ndi ya gulu, si ya mlembi. Pa chisankho iperekedwe kwa mlembi watsopano pamaso pa anthu, pamodzi ndi chidindo, monga msungichuma amaperekera mabuku.

Pempho lathu kwa magulu onse ndi ili. Pa msonkhano wanu wotsatira tulutsani kalata yomaliza imene munatumiza, muitane munthu amene sakuidziwa nkhaniyo, kaya ndi mayi woyandikana naye nyumba, aiwerenge kamodzi, kenako mulande pepalalo n'kumufunsa kuti olemba akufuna chiyani, zingati, pofika liti. Pamene wakakamira mudulepo mzere. Alembi, makalata amenewo mudzabwere nawo ku msonkhano wa komiti yathu, ndi mizere yake yomweyo, tidzawakonzere limodzi. Ndipo tikatha kudya lero musabalalike, titsale pang'ono tilembetsane manambala a foni, aliyense ndi nambala ya dziko lake kutsogolo.